Chaka cha mphepo, madzi ndi mbalame ku Mangochi: momwe ntchito yojambula ikuyendera

Ntchito imene ndikugwira ndi yojambula malo omwewo mwezi uliwonse, nditaima pamalo amodzi, kamera italoza mbali imodzi, kuyambira nyengo ya mwera mpaka mwera utabweranso. Pambali pake ndikusunga kope momwe ndikulemba tsiku limene ndayamba kuona mbalame iliyonse yochokera kutali ndi tsiku limene ndasiya kuiona. Zithunzi za dzuwa likulowa m'nyanja zilipo zochuluka, malo ogona alendo onse ali nazo pakhoma. Chikusowa ndi chithunzi chokhala ndi tsiku ndi malo ake, choti mwana wa ku Makawa adzachitenge zaka 30 zikubwerazi n'kuloza kuti madzi ankalekezera apa, ndipo mtengo uwu unalipo. Nazi zolemba za m'kopemo monga ntchito yakhala ikuyendera.

Ogasiti

Mwezi uno wathera posankha malo. Oyamba ndi pa mlatho wa Bakili Muluzi, kuyang'ana kumwera komwe mtsinje wa Shire umatsikira ku Malombe. Achiwiri ndi gombe lina pafupi ndi Makawa, kuyang'ana kum'mawa ku mapiri a kutsidya. Kenako pali munda wina m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay momwe mlambe ndi msangu zinamera moyandikana, ndipo malo amenewa ndi amene ndawakonda kuposa onse. Otsala ndi pamtunda pa Chowe, panjira ya ku Namwera, pomwe chigwa chonse chimaoneka pansi, ndi gombe la kuzambwe kwa Malombe m'dera la Chimwala.

Paliponse ndasankha chinthu chosasuntha choti chizikhala pakona ya chithunzi: thanthwe, mgwalangwa, nsanamira ya mlatho. Poima miyendo ya kamera ndadontheza penti pamwala. Lenzi ya malo ndi imodzi, ya 35mm, ndipo sindidzasintha mpaka chaka chithe. Ya 300mm, yokokera zakutali pafupi, ndi ya mbalame zokha.

Nthawi yojambulira sindinaiike pa wotchi. Kuno mu Julayi dzuwa limatuluka itangodutsa 6 koloko, pomwe mu Novembala limatuluka cha m'ma 5 koloko. Ndikanati ndizijambula 6:30 chaka chonse, kuwala kukanasiyana kwambiri mwakuti woona chithunzi sakanadziwa ngati chasintha ndi malo kapena dzuwa. Choncho lamulo ndi lakuti mphindi 30 dzuwa litatuluka, sabata yoyamba ya mwezi, malo aliwonse m'mawa wakewake.

Ku gombe la ku Makawa anthu ataona penti pamwala ndi chitsulo cha miyendo itatu, mbiri inawanda yoti kwabwera woyeza malo. Nkhawayo ndi yomveka. Magombe ambiri pakati pa boma ndi Monkey Bay anatchingidwa kale ndi mipanda, asodzi ndi amayi ochapa anatsala ndi tinjira topapatiza. Ndinapita kwa amfumu kukafotokoza. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anafunsa, "Ndiye mwanangu, zithunzizo zikatha mupita nazo kuti?"

"Zibwerera konkuno amfumu. Ndidzatsukitsa n'kubweretsa."

"Mukatero ndiye jambulani."

Mwera wawomba mwezi wonse. Masiku ambiri a chilimira sanalowe m'madzi, maboti ali ndondondo pamchenga. Kamera imanjenjemera, ndiye ndimapachika thumba la mchenga pakati pa miyendo yake. Koma mlengalenga muli mbee, mapiri a kutsidya akuoneka mpaka mizere ya zigwa zake.

Mbalame yoyamba kulowa m'kope ndi kabawi wa mlomo wachikasu ndi mchira wamphanda, amene amazungulira pamwamba pa matandala a usipa. Ambiri timaganiza kuti amakhala nafe chaka chonse chifukwa tinazolowera kumuona akulanda anapiye, koma miyezi ya chisanu saoneka, amakhala atapita kumpoto mkati mwa Africa momwemu. Mayi wina woyanika usipa atamuona anangoti, "Abwerera eni ake. Tiyambe kuvundikira anapiye." Mayiyo alibe kope, koma mwezi amaudziwa.

Seputembala

Utsi wabwera. Ena akusosa minda, ena akutentha tchire pofuna mbewa, ndipo utsi wonsewo ukukhazikika m'chigwa. Ku Chowe nyanja ya Malombe, yomwe mwezi watha inkanyezimira pansi, sikuoneka n'komwe. Mnzanga amene amajambula maukwati anaona zithunzizo n'kundiuza kuti pa kompyuta utsiwo umachoka ndi batani limodzi. Ndikudziwa, koma sindichotsa. Utsi ndi mbali ya Seputembala wa kuno. Ndikauchotsa ndiye kuti ndanamiza munthu amene adzafune kudziwa ngati moto wa tchire ukuchepa kapena ukuchuluka. Pa kompyuta ndikungowongola chithunzi chikapendekeka ndi kuchotsa timadontho ta fumbi la pa lenzi, basi.

Chimene chandibwezera mtima ku Chowe ndi miombo. Mvula sinagwe ngakhale dontho, nthaka ili gwa, koma mitengoyi yatulutsa masamba atsopano, ena ofiira, ena ofiirira, ena achikasu. Imachita izi ndi chakudya chomwe inasunga m'mizu ndi madzi a pansi penipeni. Mtundu umenewu sukhalitsa, pakatha masabata awiri kapena atatu zonse zimasanduka zobiriwira, ndiye ndinabwererako pakati pa mwezi kunja kwa ndondomeko. M'mawa womwewo njinga za makala zinkatsika phiri motsatizana, mabuleki akulira. Ndawerenga mitengo ikuluikulu yomwe ili m'chithunzi changa, nambala ndailemba kuseri kwa kope, chaka chamawa ndidzawerenganso.

Kugombe kwafika kambalame kotuwa kumsana, koyera kumimba, komwe kamayenda m'mphepete mwa madzi kakugwedeza mchira osaleka. Mabuku a mbalame amakatcha Common Sandpiper. Kamaswera kumpoto kwa Ulaya ndi Asia, ndipo ndi kamodzi mwa mbalame zoyamba kufika. Kakadzidzimuka kamauluka motsika, mapiko akunjenjemera pamwamba penipeni pa madzi, kakulira mopyapyala. Kuti ndikajambule bwino ndimagona chafufumimba pamchenga n'kudikira kabwere kokha.

Kumapeto kwa mwezi ndamva afulagombe a ku Ulaya akudutsa. Amamveka asanaoneke, gulu lonse likulira pamwamba kwambiri. Chithunzi palibe, ndalemba tsiku lokha.

Okutobala

Kwatentha monga Mangochi amadziwikira. Ikakwana 8 koloko mpweya wa pamwamba pa mchenga umayamba kuvina, ndipo chilichonse chojambulidwa patali ndi lenzi ya 300mm chimatuluka chofewa, ngakhale dzanja likhale lokhazikika chotani. Palibe mankhwala ake koma kulawirira ndi kuyandikira. Chikwama cha kamera ndikuchikuta ndi chitenje chowala, chifukwa chakuda chikakhala padzuwa chimafika posagwirika.

Mlambe wachita maluwa. Ndi oyera, akuluakulu, olendewera chozondoka, amatseguka madzulo ndipo pofika mawa lake afota kale. Amene amanyamula mungu wake ndi mileme. Mwini munda, bambo wachikulire, anandilola kukhala mpaka usiku, ndipo mdzukulu wake anandigwirira tochi. Mleme sindinaugwire bwino, koma duwa lotseguka ndili nalo. Pambali pake msangu uli ndi masamba ndi nyemba zake, mbuzi zikungokhalira pansi pake kudikira zogwa.

Anamzeze a ku Ulaya afika. Apa pafunika kusamala, chifukwa pansi pa mlatho pali anamzeze athu omwe amamanga zisa chaka ndi chaka. Wathuyo ali ndi kachipewa kofiirira pamutu ndi mmero woyera. Mlendoyo mutu wake ndi wakuda, mmero wofiira, ndi mkanda wakuda pachifuwa. Kuno samanga chisa, amangodya tizilombo ndi kusintha nthenga. Kulemera kwake ndi magalamu pafupifupi 20, koma wochokera pakati pa Ulaya amakhala atauluka makilomita oposa 7,000, n'kudutsa chipululu cha Sahara, kuti adzakhale pa waya wa magetsi wa pa Mpondasi. Ndikamuyang'ana m'kamera mtima umandigunda ndithu.

Anyamata a malegeni akhala akunditsatira ku Chimwala. Mmodzi anafunsa, "Ankolo, mukufuna mbalame zanji? Ife timadziwa komwe zimagona." Ndipo amadziwadi, kuposa ine. Sindinawakalipire za malegeni, chifukwa kwa ena a iwo mpheta ndiyo ndiwo ya tsikulo, ndipo kukalipa kukanangowathamangitsa. Ndinawaonetsa namzeze pa galasi la kamera, n'kujambula pamchenga njira imene wadzera. Tsopano ndikafika amandiuza zomwe aona m'kati mwa mwezi. Zomwe andiuza ndimalemba padera, ndi chizindikiro choti ndamva kwa ena, kuti zisasakanikirane ndi zomwe ndaona ndi maso.

Kumapeto kwenikweni kwa mwezi dzuwa limadutsa pamutu penipeni kuno. Cha m'ma 11:20 ndinazika ndodo mowongoka pamchenga, chithunzithunzi chake chinasowa. Zidzachitikanso chakumayambiriro kwa Febuluwale, dzuwa likamabwerera kumpoto.

Novembala

Sabata yoyamba madzi anali pansi kuposa mwezi wina uliwonse chiyambireni. Ku Makawa thanthwe langa la pakona, lomwe mu Ogasiti mafunde ankalinyambita, lili pouma, ndipo pakati pa ilo ndi madzi ana akusewera mpira. Nyanja ya Malawi imatero chaka ndi chaka: imatsika mpaka mvula itakhazikika, n'kukwera mpaka cha mu Epulo kapena Meyi, kusiyana kwake kumakhala pafupifupi mita imodzi. Pa gombe lathyathyathya mita imodzi yokwera ndi mchenga wambiri ndithu. Ndikaika chithunzi cha Ogasiti pambali pa cha lero, dzuwa nalo lasuntha. Linkatulukira kumanzere kwa phiri lomwe lili pakati pa chithunzi, tsopano likutulukira kumanja kwake, ndipo lipitirirabe mpaka pa 21 kapena 22 Disembala.

Gombe lili zii. Kuyambira pa 1 Novembala makoka ena amaletsedwa kuti chambo chiswane, poti chimakumba zisa zake pamchenga m'madzi osaya, momwe khoka limakokolola zonse. Alovi ena apita kukalima, ena akusoka maukonde pamthunzi. Kwa mbalame za m'mphepete mwa madzi ino ndi nthawi yamtendere, ndipo ndazijambula pafupi kuposa kale.

Chizimalupsa chinagwa usiku, ndi ziphaliwali zochokera kutsidya. M'mawa mwake ndinakwera njinga yamoto kupita ku Chowe osadikira tsiku la ndondomeko, chifukwa m'mawa wotere umabwera kamodzi pa chaka. Utsi wonse unali utatsukidwa. Shire ankaoneka kuyambira potulukira m'nyanja mpaka polowera mu Malombe, mtunda waufupi womwe tawuni yonse yakhalapo kuyambira 1891 pamene inkatchedwa Fort Johnston. Migwalangwa inkawerengeka umodziumodzi. Zithunzi ziwirizi, cha utsi ndi cha m'mawa uno, ndizo zikufotokoza bwino ntchito yonseyi kwa munthu amene sanaimvetse.

Patangopita masiku ochepa ngumbi zinatuluka, ndipo adokowe akuda a mimba yoyera anatera m'minda ya ku Chimwala, gulu lalikulu, akuyenda pang'onopang'ono m'mizere yongolimidwa kumene. M'mabuku ndi Abdim's Stork. Amaswera kumpoto, m'chigawo cha Sahel kuyambira ku Senegal mpaka ku Ethiopia, nthawi ya mvula ya kumeneko, ndipo ikatha amatsata mvula kubwera kuno. Kumeneko amamanga zisa pamitengo ya m'midzi ngakhale pamadenga, anthu osawavuta chifukwa amati amabweretsa mvula. Kuno amadya ziwala, dzombe ndi mbozi za m'minda. Gogo wina wamkazi amene ankabzala chimanga anandiuza kuti, "Zikatera izi mdzukulu wanga, usasungenso mbewu m'nyumba." Mawuwo ndawalemba pansi pa chithunzi, poti ndi umboni wa kalendala imene anthu akhala akugwiritsa ntchito wailesi isanayambe kulengeza za nyengo.

Pakati pawo panali adokowe awiri oyera, a milomo ndi miyendo yofiira. Awa ndi a ku Ulaya. Sakonda kuwoloka nyanja yaikulu chifukwa amauluka pokwera mpweya wotentha wochokera pamtunda, ndipo pamwamba pa madzi mpweya wotere kulibe. N'chifukwa chake a kum'mawa kwa Ulaya amazungulira, kudzera pa Istanbul, kutsika ku Israel, n'kutsata chigwa cha Nile.

Disembala

Mbalame imene ndinkaiyembekezera kwambiri yafika. Ndi kakabawi kakang'ono ka miyendo yofiira, m'mabuku Amur Falcon. Yaimuna ndi yotuwa moderapo, koma ikatambasula mapiko kunsi kwake kumaoneka koyera. Yaikazi ili ndi mawangamawanga pachifuwa. Ndinaziona madzulo mvula itangokata, zili pa mawaya m'mbali mwa msewu wa ku Liwonde, kenako zonse zinanyamuka kukasaka ngumbi. Zimagwira ngumbi ndi phazi n'kudyera m'malere momwemo.

Ulendo wa mbalame imeneyi ndi wovuta kuukhulupirira. Imaswera kum'mawa kwa Siberia, ku Mongolia ndi kumpoto kwa China. Imatsika mpaka kumpoto chakum'mawa kwa India, m'chigawo cha Nagaland, komwe imapumula n'kunenepa ndi chiswe chouluka. Ikatero imadutsa India, n'kuwoloka nyanja yamchere mpaka ku Somalia, makilomita pafupifupi 3,000 popanda potera. Thupi lake silikwana n'komwe magalamu 200. Mu 2012 zinadziwika kuti pa dziwe la Doyang ku Nagaland anthu ankakola mbalamezi zikwizikwi ndi maukonde a nsomba n'kumagulitsa. Chaka chotsatira midzi ya kumeneko inagwirizana zoleka, ndipo inaleka. Ndiye kuti gulu lomwe ndaliona pa waya lija lafika kuno chifukwa cha zomwe anthu a m'midzi ina, omwe sitidzaonana nawo, anapangana pabwalo lawo. Nkhani imeneyi ndinawafotokozera anyamata a ku Chimwala, ndipo anafunsa mafunso ambiri kuposa tsiku lina lililonse.

Pa kajambulidwe: kuti mapiko aoneke ataima m'chithunzi, shata (kachitseko kolowetsa kuwala m'kamera) iyenera kutseguka kwa 1/2000 ya sekondi kapena mofulumira kuposa apo. Koma mbalamezi zimasaka kuwala kukutha, ndiye ISO, muyeso wa momwe kamera imamvera kuwala, imakwera mpaka 3200 ndipo chithunzi chimachita mchengamchenga. Ndasankha kulolera mchengawo kusiyana ndi mapiko osaoneka, chifukwa kuyera kwa kunsi kwa phiko ndiko kumasiyanitsa mbalameyi ndi inzake yofanana nayo. Kumbuyo kukakhala mitambo yoyera ndimaonjezera kuwala pang'ono, apo ayi mbalame imatuluka yakuda bii.

Mphepo yatembenuka, tsopano ndi mpoto. Asodzi amauopa chifukwa umabwera mwadzidzidzi ndi mvula, ndipo kuno kumwera mafunde ake amakhala atayenda nyanja yonse. Bambo wina mwini boti anandiletsa kupita ku chilumba tsiku lina kumwamba kuli bwinobwino. "Achimwene, lero ayi. Taonani uko." Ine sindinaone kanthu. Pofika masana nyanja inali itayera ndi thovu. Kuyambira mwezi uno ndaonjezera mzere m'kope wolemba dzina la mphepo ya tsikulo monga asodzi aitchulira, mwera, mpoto kapena vuma.

Januwale

Mlambe ndi msangu zasinthana. Mlambe wavala masamba, msangu wayoyola onse uli mbulanda pakati pa dzinja, ndipo chimanga cha pansi pake ndi chachitali ndi chobiriwira kuposa cha kumapeto kwa munda. Msangu umatero: masamba ake amagwa nthawi yobzala n'kusanduka manyowa, mthunzi osatchinga mbewu. Mwini munda akuti bambo ake anamuuza kuti mtengo umenewu sadula.

Chithunzi cha ku Malombe cha mwezi uno palibe. Kanjira kolowera kugombe kanasanduka dambo, ndipo mwala wanga wa penti uli m'madzi. Sindijambulira pena n'kunamizira kuti ndi pomwepo. Mpatawo ukhala choncho, ndi chifukwa chake cholembedwa.

Chinyezi chayamba kumeretsa nkhungu mkati mwa lenzi yaitali, timizere toyera m'mphepete mwa galasi. Zipangizo zonse tsopano zikugona m'chidebe chotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel, tomwe ndimaumitsa pamoto wochepa tikanyowa. Magetsi akuzimazima, ndiye mabatire ndikutchajira pa sola.

Zithunzi za ku Makawa za miyezi isanu yoyamba ndatsukitsa ndipo ndakapereka kwa amfumu. Anaziyala pamkeka motsatizana, anthu n'kuyamba kukangana za chaka chomwe madzi anafika pa mtengo wa mango wa kumtunda.

Febuluwale

Ndapeza pogona anamzeze, m'bango lalikulu kumunsi kwa mlatho. Dzuwa likangolowa amasonkhana pamwamba, ochuluka osawerengeka, kuzungulira, kenako n'kugwera m'bangomo magulumagulu mpaka mlengalenga mutatsala mbee. Zonse zimatha m'mphindi zochepa ndipo kuwala kumakhala kutatha. Zithunzi sizikukwanira kuonetsa chimene chimachitika, ndiye ndajambula kanema pa foni. Malo enieni sindiwatchula, chifukwa pogona potere munthu mmodzi wa ulimbo kapena ukonde akhoza kuononga zambiri usiku umodzi. Bango lomweli anthu amadula popangira mphasa ndi mipanda, ndipo sindikuona vuto bola kudulako kuzichitika anamzeze atapita.

Nyanja itadekha tinapita ku chilumba cha Boadzulu. Miyala ndi mitengo ya pachilumbapo ndi yoyera ndi zitosi za mphipi ngati wina wakhuthulirapo ufa woyera, ndipo fungo limakulandira boti lisanafike. Tinazimitsa injini patali, sitinatsike.

Pali nkhani ya nkhwazi imene ndiyenera kuinena. Ku Cape Maclear, mkati mwa paki ya Lake Malawi yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 n'kulowa m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse wa bungwe la UNESCO mu 1984, anyamata operekeza alendo amaimba likhweru n'kuponya nsomba m'madzi, nkhwazi n'kutsika kudzatola pafupi ndi boti. Zithunzi zambiri zokongola za nkhwazi zomwe mumaziona zimajambulidwa motero. Sindikuwanena anyamatawo, ndi ntchito yawo ndipo amadyetsa nayo mabanja. Koma mu ntchito ino chithunzi chotero sichilowa, chifukwa chimaonetsa komwe kunali boti, osati komwe nkhwazi imasaka yokha. Zanga ndi za patali, zina nkhwazi ili kadontho pamwamba pa mlambe. Imodzi ndi yaing'ono, yabulauni ndi mawanga, yomwe ambiri sangaizindikire poti mutu woyera umabwera patapita zaka zinayi kapena zisanu.

Malichi ndi Epulo

Kulemba tsiku lofika n'kosavuta, mbalame waiona basi. Tsiku lonyamuka ndi lovuta, chifukwa umalidziwa litadutsa kale. Njira yokhayo ndi kulemba tsiku lililonse lomwe ndatuluka kuti ndaona chiyani ndipo sindinaone chiyani. Masamba a "sindinaone" ndi osasangalatsa kuwerenga, koma popanda iwo tsiku lomaliza silitanthauza kanthu.

Adokowe akuda anayamba kusowa mu Malichi. Akabawi nawo achepa mpaka kutha. Anamzeze anayamba kudzaza mawaya m'mawa, nthenga zatsopano zikunyezimira, michira itatalika, ndipo pofika pakati pa Epulo pa waya panatsala athu okha. Afulagombe anadutsanso, ulendo uno kulowera kumpoto. Kambalame kogwedeza mchira kaja kanatsalira pang'ono, kenako nako zii.

Madzi akwera. Ku Makawa thanthwe lamira theka, bwalo la mpira lija kulibe. Pa mlatho namasupuni akudutsa zilumbazilumba, akakowa atakwerapo. Milu ya mchenga ya pakati pa mtsinje yamira yonse. Anthu a m'mphepete mwa nyanja akuyang'ana madzi ndi mantha, ndipo m'pomveka: pambuyo pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 nyanja inakwera, ndipo mu 2024 inalowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ambiri m'boma lino. Makoma ena akadali ndi mzere wa madzi, ndipo ndayamba kuwajambula ndi ndodo yoyezera pambali, eni ake akalola.

Koma nyanjayi inachitaponso zosiyana ndi zimenezi. Kuyambira cha mu 1915 mpaka cha mu 1935 madzi anatsika kwambiri mwakuti Shire analeka kutuluka m'nyanja, ndipo Malombe anauma, anthu n'kumalima momwe lero muli maboti a nkacha. Chotchinga madzi cha ku Liwonde chinamangidwa mu 1965, ndipo chimathandiza kuwongolera madzi otuluka, koma mvula ya kumpoto ndi ya ku Tanzania ndiyo imalamula. Ndikaima ku Chimwala n'kuyang'ana nyanja ya makilomita pafupifupi 30 m'litali, ndimalakalaka pakanakhala munthu amene anaima pamalo amodzi zaka zimenezo n'kumajambula. Chambo cha mu Malombe chinatsala pang'ono kutheratu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anthu akuona, ndipo lero achinyamata amamva ngati nthano akauzidwa kukula kwa nsomba zomwe zinkatuluka pa madoko amenewa.

Meyi

Mwera wayambanso, m'mawa kukuzizira. Malambe akhwima, ana akugenda. Msangu wayamba kuphukira pomwe chimanga chakololedwa.

Pomwe ntchito yafika ndi apa. Malo anayi ali ndi zithunzi za mwezi uliwonse kuyambira Ogasiti. Malombe akusowa cha Januwale, ndipo cha Febuluwale ndinajambula nditaima m'madzi ofika m'mawondo pamwamba pa mwala womwewo. Chithunzi chilichonse dzina lake ndi tsiku, malo ndi mphepo, ndipo zonse zasungidwa pawiri, pa kompyuta ndi pa hadi disiki yomwe ikukhala kwa mlongo wanga ku Zomba. Mbalame zomwe ndatsimikiza ndi chithunzi ndikuzilowetsa pa eBird, tsamba la pa intaneti losungapo mbalame zomwe anthu aona, kuti ofufuza azipeze. Zomwe ndikukayika zikhala m'kope mpaka wodziwa kuposa ine ataziona. Malawi ali ndi mitundu ya mbalame pafupifupi 650, ndipo timbalame totuwa ta m'bango timafanana kwambiri, sindikufuna kulemba dzina longoganizira.

Kwatsala Juni ndi Julayi kuti chaka chikwane, koma ndaganiza kale zopitiriza chaka chachiwiri, poti chaka chimodzi chimangoonetsa nyengo, sichingaonetse ngati zinthu zikusintha. Ndikufunanso kuonjezera malo amodzi kutsidya, cha ku Malindi, kuti ndikhale ndi mbali yoyang'ana kuzambwe. Madzi akatsika ndipo milu ya mchenga ikaonekanso, ndidzafuna bwato lopalasa, lopanda injini, kuti ndikafufuze mbalame za milomo yofiira zomwe zimauluka zikung'amba madzi ndi mlomo wam'munsi, African Skimmer, zomwe zimaikira mazira pamchenga penipeni ndipo mafunde a boti la injini amatha kuwakokolola.

Pempho langa ndi la zithunzi zakale. Ngati kwanu kuli chithunzi chojambulidwa pagombe lililonse la m'boma lino, pa mlatho wakale, kapena ku Malombe, ngakhale chikhale cha ukwati kapena cha ulendo wa sukulu, bola kumbuyo kukuoneka madzi, phiri kapena mtengo ndipo chaka mukuchikumbukira, ndikufuna ndichione. Sinditenga, ndidzangochijambula pomwepo n'kukafufuza pomwe wojambulayo anaima. Sabata yoyamba ya Juni ndiyambira ku Chimwala, poti njira yauma ndipo mwala uja ukufunika penti ina.